Bizinesi ya ulimi siphunziridwa m'masiku atatu

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalimo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali asanakwanitse zaka 18. Ambiri mwa ana aja lero ndi anyamata ndi atsikana amisinkhu yawo. Ena ali ndi satifiketi ya MSCE m'chikwama, ena analekezera sukulu panjira, koma onse akufuna pogwira. Maofesi a boma ndi mafakitale a ku Kanengo ndi ku Makata sangalembe ntchito ngakhale kagawo kochepa ka khamu limeneli. N'chifukwa chake aliyense woyankhula pamsonkhano, kaya ndi nduna, mfumu, m'busa kapena mkulu wa bungwe, amathera pa mawu amodzimodzi: achinyamata alowe mu ulimi, pakuti ulimi ndi bizinesi. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika ulimi wamalonda kukhala nsanamira yoyamba mwa nsanamira zake zitatu. Pamenepo palibe wotsutsa. Nkhani yagona pa kaphunzitsidwe. Wachinyamatayo timuphunzitse chiyani, amuphunzitse ndani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo akamaliza ayambire pati?

Funsoli si lachilendo. Mu 1963, kutatsala chaka kuti dziko lilandire ufulu, kunakhazikitsidwa gulu la Malawi Young Pioneers, apayoniya aja, mothandizidwa ndi alangizi ochokera ku Israel. M'mabesi awo, monga Nasawa ku Zomba ndi Amalika ku Thyolo, achinyamata ankakhala miyezi akuphunzira kulima, kuweta ndi ntchito zamanja, ndipo ena akamaliza ankapatsidwa minda m'masikimu. Mbiri ya apayoniya inaipa chifukwa cha nkhanza zimene ankachitira anthu m'dzina la chipani, ndipo gululo linatha mu Disembala 1993 pamene asilikali analilanda zida pa Operation Bwezani. Nkhanzazo sitingaziiwale kapena kuzichepetsa. Komabe pa kaphunzitsidwe ka ulimi panali zinthu ziwiri zimene tinazitayira limodzi ndi zoipazo: wophunzira ankakhala pamunda kuyambira kusosa mpaka kukolola, ndipo ambiri potuluka ankadziwa kumene akalime. Chimene kunalibe ndi bizinesi yeniyeni. Wogula wamkulu anali mmodzi, ADMARC, mtengo ankaika ndi boma, ndipo ntchito ya mlimi inali kulima bwino basi. Wachinyamata wa lero akukumana ndi msika wina, wa mavenda ndi masikelo awo, wa mitengo yosintha sabata ndi sabata, wa kwacha imene inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako 44 peresenti mu Novembala 2023. Kudziwa kulima kokha sikumupulumutsa.

Kusukulu nako ulimi ulipo. Ana amauyamba kupulayimale, amapitiriza kusekondale, mpaka kulemba mayeso ake pa MSCE. Vuto n'lakuti m'sukulu zambiri ulimiwo umathera pa bolodi. Mwana amaloweza mitundu ya dothi ndi mayina a tizilombo, mayeso n'kukhoza bwinobwino, koma sanagulitsepo ngakhale mulu umodzi wa mpiru wa m'dimba la sukulu, ndipo sanawerengerepo kuti dimbalo ladya ndalama zingati, labweza zingati. Choipitsitsa n'chakuti khasu kusukulu limatuluka tsiku la chibalo: wochedwa akakumbe dzenje, wochita phokoso akalambule msewu. Mwana amene kwa zaka 12 waona khasu ngati chilango, kunyumba n'kumamvanso makolo akuti alimbikire sukulu kuti asadzavutike ngati iwo, musamudabwe akathawira pa kabaza m'tauni kapena kukwera basi ya ku Joni. Makoleji aulimi tili nawo, ndipo atulutsa akatswiri odalirika: Bunda, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 ndipo tsopano ili pansi pa LUANAR pamodzi ndi Natural Resources College, komanso Mwimba ku Kasungu. Koma ofika kumeneko ndi ochepa zedi. Khamu lalikulu, lija linalekezera Sitandade 8 kapena Fomu 2, silidzapondako.

Khamu limenelo ndi limene limafikiridwa ndi maphunziro a mapulojekiti, ndipo apa ndi pamene pamandiwawa mtima. Makonzedwe ake ambirife tikuwadziwa. Achinyamata amaitanidwa kuholo ya pa boma kapena kumalo ogona alendo kunyanja, masiku atatu kapena asanu. Wophunzitsa amamata mapepala aakulu pakhoma, amafotokoza za ndondomeko ya bizinesi, ophunzira amakambirana m'magulu, tsiku lomaliza amalandira satifiketi, tisheti ndi alawansi, amajambulitsa, kwatha. Lipoti limati achinyamata akutiakuti aphunzitsidwa. Kawirikawiri palibe amene amabwererako pakatha miyezi kukaona ngati m'khola muli nkhuku ngakhale imodzi. Zophunzitsidwazo si zabodza ayi, zambiri n'zoona ndithu. Koma ulimi uli ndi nyengo zake zimene sungazifulumizitse. Soya amafuna miyezi pafupifupi inayi m'munda. Nkhuku ya mazira imayamba kuikira itatha miyezi inayi kapena isanu. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9 isanakupatse mkaka. Mafunso enieni amabwera m'kati mwa nthawi imeneyo, masamba akayamba chikasu, anapiye akayamba kuodzera, wogula akasintha mawu, ndipo tsiku limenelo mphunzitsi uja ali kutali. Alawansi nayo inaononga kasankhidwe. Olembedwa mayina nthawi zambiri amakhala odziwika kwa amfumu kapena kwa akomiti, pamene mtsikana amene ali kale ndi mabedi a anyezi kudimba sangasiye mbewu zake zikufota kuti akakhale m'holo masiku atatu.

Nanga maphunziro abwino ayambire pati? Ine ndikuti ayambire pamsika. Kwathu kuno tinazolowera kulima kaye, kenako n'kumafunsa kuti tigulitsa kuti. Pali njira ina yotchedwa SHEP, imene inayambira ku Kenya mu 2006 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan ndipo inafikanso kuno kudzera mu Unduna wa Zaulimi, imene imatembenuza zimenezi. Alimi asanasankhe mbewu amapita okha kumsika ndi kope, n'kufunsa ogulitsa ndi opikula: mumagula chiyani, mwezi uti chimasowa, mumafuna chokula bwanji, mumalipira pompopompo kapena pakapita masiku? Zikuoneka zazing'ono. Koma wachinyamata amene waima m'mamawa pa Lizulu, pa Tsangano kapena pa Jenda, n'kuona madengu a tomato akuola m'mwezi umene aliyense wakolola, kenako n'kubwereranso m'dzinja tomato yemweyo akusowa mtengo utakwera, waphunzira zimene pepala la pakhoma silingamuuze. Wazindikira kuti phindu la tomato limayambira pa tsiku lofesa. Akafunsitsa amvanso chifukwa chimene ambiri salimira tomato wa m'dzinja: chiwawu chimavuta, mankhwala amafunika pafupipafupi, ndipo misewu ya kuminda imaterera moti galimoto sifika. Walira mvula walira matope. Mtengo wabwino uli ndi ntchito yake, ndipo wophunzira asankhe akudziwa zonse ziwiri.

Nkhani ya nandolo iyenera kumakambidwa m'kalasi iliyonse ya bizinesi ya ulimi. Mu 2015 ndi 2016 mtengo wa nandolo unakwera kwambiri chifukwa dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa kuno, linakolola zochepa. Alimi a kum'mwera, ku Mulanje, Phalombe, Zomba, Machinga ndi Balaka, ataona anzawo akufolera nyumba ndi malata, anaonjezera minda. Mu Ogasiti 2017 India, itakolola wakewake wochuluka, inaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mtengo kuno unagwa mochititsa mantha. Mlimi wa ku Phalombe sanalakwitse kalimidwe. Anangokhala asakudziwa kuti venda amene amamugula pasikelo ndi mkhalapakati chabe, mwini msika ali kutsidya kwa nyanja. Wachinyamata aphunzire kulondola katundu wake mpaka kumene amakathera, ndiponso kusamala ndi mbewu imene mudzi wonse wathamangira chifukwa cha mtengo wa chaka chatha. Aphunzirenso kuti mitengo yoyambira imene boma limalengeza nthawi yokolola siimumanga venda wa kumudzi ngati mlimi akufuna ndalama lero lomwe. Njira zodikirira mtengo zilipo, monga matumba a PICS osunga mbewu popanda mankhwala, komanso nyumba zosungiramo katundu zopereka malisiti, zimene mabungwe ngati ACE anabweretsa. Koma amene angadikire ndi yekhayo amene sanamangidwe ndi ngongole ya katapila, ndipo zimenezi zikutifikitsa pa masamu.

Chida chimene ndingakonde kuti wophunzira aliyense atuluke nacho ndi kope lolembamo, ndi chizolowezi cholembamo tsiku ndi tsiku. Tengani nkhuku za nyama, zimene achinyamata ambiri a m'matauni amayambira chifukwa zimakula m'masabata 6 okha. Anapiye 100 amadya matumba 7 kapena 8 a makilogalamu 50 kuti afike pogulitsa, ndipo chakudya chokhacho chimatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zonse. Onjezanipo katemera wa chitopa ndi gumboro, makala otenthetsera anapiye masabata oyamba, utuchi, thiransipoti, ndi anapiye ena amene adzafa ngakhale mutasamala chotani. Wophunzira awerengere yekha kuti nkhuku imodzi yamudyera zingati. Akatero afunsidwe funso limene ambiri amagwera: masabata 6 akwana koma ogula palibe, tsiku lililonse loonjezera likukudyera zingati? Nkhuku yokula siileka kudya podikira wogula. Mwini wake, poopa kuluza, amayamba kukongoza kwa anansi ndi a kutchalitchi kuti adzalipire kumapeto kwa mwezi, ndipo mwezi ukatha amayamba kuyenda khomo ndi khomo, khola lili gwaa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama imene ili m'matumba a anthu ena siigula anapiye atsopano.

Kope lomwelo limaulula zinthu zina ziwiri zimene alimi ambiri sawerengera. China ndi thukuta la mwini. Mnyamata akagulitsa mtedza amachotsa za mbewu ndi matumba, zotsalazo n'kumati phindu, osawerengera masiku amene iye ndi azichemwali ake anapalira, kukumba ndi kuswa. Akanawerengera pa mtengo wa ganyu, mwina akanaona kuti mbewu ina ikanamulipira bwino. Chinanso ndi kusakaniza mpamba ndi ndalama ya pakhomo. Kwathu kuno munthu sakhala yekha. Kukagwa maliro, mng'ono akathamangitsidwa fizi, agogo akadwala, maso onse amayang'ana kwa amene wagulitsa nkhuku dzulo. Mphunzitsi wouza wachinyamata kuti azikana abale ake sakudziwa kumene akuphunzitsa. Chothandiza n'kumuphunzitsa kudzilipira malipiro odziwika, kuti zothandizira abale zizichokera pamenepo, mpamba uzikhala pawokha, kaya ku SACCO, ku banki m'khonde kapena pa Mpamba ndi Airtel Money. Ndikadakhala wokonza maphunziro otere, tsiku limodzi ndikadaitana makolo ndi amalume kuti aone kopelo ndi maso awo. Mpamba wa achinyamata ambiri umadyedwa ndi anthu owakonda amene sanauzidwe kusiyana kwa ndalama yogulitsa ndi phindu.

Luso la kalimidwe sindikulichepetsa. Ilo ndiye limafuna maso ndi manja kuposa makutu. Kuthira inokyulanti ku mbewu ya soya, kubzala mizere iwiri pamzere umodzi, kuumitsa mtedza bwino kuti usachite chuku chimene chimatitsekera misika yabwino, kudontheza katemera wa chitopa m'diso la nkhuku, kuletsa alendo kukhola la nkhumba chigodola chikabuka, kuzindikira mbewu yachinyengo yopakidwa utoto: zonsezi munthu amazigwira ataziona n'kuziyesa. Malo a kafukufuku monga Chitedze, Bvumbwe, Lifuwu ndi Kasinthula ali ndi nzeru zambiri zimene sizifika kwa achinyamata. Ndipo pamene thumba la feteleza ladutsa K100,000, kudziwa kupanga manyowa ndi kusinthanitsa chimanga ndi mbewu za m'gulu la nyemba kwasanduka nkhani ya masamu, osati ya chilengedwe chokha.

Tikulakwitsanso poganiza kuti bizinesi ya ulimi ndi munda basi. Pakati pa munda ndi mbale pali ntchito zambiri zimene wachinyamata wopanda malo angayambe ndi mpamba wochepa. Wina angakhale wotemera nkhuku m'midzi, kumalandira kangachepe pa nkhuku iliyonse. Wina angakhale ndi nazale ya mbande za mitengo, tomato kapena nthochi zopanda matenda, zimene zikufunika kwambiri chisaka chitasakaza nthochi ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay mpaka dziko kumadya nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Wina angabwereketse pampu ya sola kwa eni madimba, wina angasonkhanitse soya wa alimi ang'onoang'ono n'kukagulitsa pamodzi kwa opanga mafuta ndi chakudya cha ziweto, wina angagaye chiponde. Wofuna kukonza zakudya auzidwe msanga kuti masitolo aakulu safuna katundu wopanda chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo athandizidwe kudziwa njira yake asanagule makina.

Kwa amene akufuna munda weniweni, khoma loyamba ndi malo. Mabanja ambiri a alimi ang'onoang'ono ali ndi malo osakwana hekitala imodzi, ndipo ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje ndi ochepa kuposa pamenepo. Malowo ali m'manja mwa makolo amene akudyera pomwepo. Kumene kuli chikamwini, mnyamata amalima pamunda wa kwa mkazi wake, ndipo amazengereza kukumba chitsime kapena kubzala mitengo pamalo amene angathamangitsidwepo banja likatha. Kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, kumene malo amatsata bambo, mwana wamkazi ndiye amatsala manja lende. Ambiri amachita lendi munda wa chaka chimodzi, pamgwirizano wapakamwa, ndipo akauthira manyowa n'kubereka bwino mwini wake amaulanda chaka chotsatira. Lamulo la malo a makolo la mu 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, linatsegula njira yolembetsa malo, koma ntchitoyo ikuyenda pang'onopang'ono. Pakadali pano phunziro losavuta ndi lothandiza n'lakuti mgwirizano wa lendi uzilembedwa, wa zaka zingapo, pamaso pa amfumu ndi mboni. Ndipo bungwe lofuna kuphunzitsa achinyamata a dera lina liyambe lakhala pansi ndi mafumu kukambirana za malo, lisanasungitse holo.

Pa nkhani ya mpamba, boma layesa kangapo. Kunabwera MARDEF mu 2005, YEDEF ya achinyamata mu 2010, kenako MEDF, ndipo mu 2020 inasanduka NEEF. Dzina limasintha, koma dandaulo limabwerera lomwelo: ngongole zambiri sizibwezedwa. Zifukwa zake sizobisika. Ngongole ikalengezedwa pamsonkhano wa ndale, olandira amaiona ngati zikomo ya voti. Ikafika mochedwa, mvula itagwa kale, imathera pa zina. Ndipo ngati wolima soya akuyenera kuyamba kubweza mwezi wotsatira pamene mbewu yake ili m'maondo, abweza ndi chiyani? Kumabanki nako khomo n'lopapatiza. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, mabanki n'kumaonjezerapo zawo, ndipo amafuna chikole chimene wachinyamata alibe. Ndi mbewu zochepa zimene zingabweze chiwongoladzanja chotere n'kusiya phindu. Choncho ine sindiona nzeru kupatsa ngongole yaikulu munthu amene sanagulitsepo kanthu. Ayambe ndi zochepa zimene angaluze osagulitsa njinga ya bambo ake: mabedi angapo, anapiye 50, mbuzi ziwiri zopatsirana. Thandizo libwere m'magawo, loyamba likhale zipangizo osati ndalama, ndipo gawo lachiwiri lidikire kuti aonetse kope ndi malisiti a nyengo yoyamba.

Izi sizikutanthauza kuti mpamba ndi wosafunika. Kumpoto kwa Uganda, mu 2008, boma linapereka ndalama zosabweza kwa magulu a achinyamata kuti aphunzire ntchito zamanja ndi kugula zida. Ofufuza atawalondola anapeza kuti patatha zaka zinayi olandirawo ankapeza ndalama zochuluka ndi 38 peresenti kuposa anzawo amene sanalandire, koma patatha zaka 9 anzawowo anali atawapeza. Ngakhale sizinali za ulimi, zikutiuza zoona ziwiri: maphunziro opanda mpamba amasiya munthu panjira, koma mpamba umangofulumizitsa ulendo, suchita zozizwitsa.

Wophunzitsa akhale ndani? Kafukufuku wa Ariel BenYishay ndi Mushfiq Mobarak m'midzi ya ku Malawi anapeza kuti alimi amatengera msanga njira yatsopano akaimva kwa mlimi mnzawo wofanana nawo, makamaka mnzawoyo akapatsidwa kamphatso komulimbikitsa. Zimenezi n'zomveka. Wachinyamata amakhulupirira munthu amene wamuona akugulitsa, amene angamufunse kuti chaka chatha analuza zingati ndipo anadzuka bwanji. M'boma lililonse muli alimi otere, a mkaka ku Bvumbwe, a mpunga ku Wovwe ndi Domasi, a kachewere ku Dedza ndi Ntcheu. TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, imadziwa kale kuika achinyamata kwa amisiri kuti aphunzire ukalipentala kapena utelala pogwira ntchito. Palibe choletsa kuchita chimodzimodzi ndi ulimi: wophunzira akhale kwa mlimi wodziwa kwa nyengo yathunthu, mlimiyo alipidwe, mlangizi wa boma aziyendera. Alangiziwo ndi ochepa, mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, choncho sangasenze okha. Ku Benin kuli malo otchedwa Songhai, ku Porto-Novo, amene wansembe Godfrey Nzamujo anayambitsa mu 1985, kumene achinyamata amakhala miyezi yambiri pafamu yodzilipirira yokha, zotsala za ziweto zikudyetsa mbewu ndi nsomba, katundu akugulitsidwa pomwepo. Ifenso tili ndi malo amene angagwire ntchito yotere, monga Thuchila ku Mulanje, Chitala ku Salima ndi M'mbelwa ku Mzimba, komanso makoleji a ntchito zamanja a m'madera amene anayamba mu 2015. Chofunika n'chakuti famu yophunzitsira izipanga phindu looneka, pakuti famu yoluza singaphunzitse munthu bizinesi.

Atsikana asamangotchulidwa m'lipoti. Kafukufuku wina wa maphunziro a ntchito zamanja kuno ku Malawi anaonetsa kuti atsikana ankasiyira panjira chifukwa cha ntchito za pakhomo, matenda ndi kutalika kwa mtunda, ndipo phindu limene ankapeza linali lochepa poyerekeza ndi la anyamata. Maphunziro ochitikira pafupi ndi mudzi, pa maola ogwirizana ndi mayi wa mwana wakhanda, ndiponso ndalama yogulitsa yolowa mu foni ya mwini wake osati ya mwamuna, zimasintha zambiri.

Za magulu ndinene mwachidule. Wogula wamkulu safuna matumba atatu, amafuna lole yodzaza, ndipo n'chifukwa chake NASFAM, magulu a mkaka ndi makopaletivi amene athandizidwa ndi pulojekiti ya AGCOM ali ndi mphamvu imene mlimi payekha alibe. Koma gulu lopangidwa dzulo chifukwa kwamveka kuti kukubwera ngongole limatha tsiku logawana. Zimene ndaona zikuyenda ndi zakuti aliyense alime pake, koma kugula zipangizo ndi kugulitsa zichitikire pamodzi. Munda wa gulu nthawi zambiri umapaliridwa ndi anthu atatu, pokolola n'kubwera onse.

Pali choona china chimene ophunzitsa amaopa kunena: nyengo yoyamba ambiri amaluza, ndipo nthawi zina osati mwa kulakwa kwawo. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi ziweto kum'mwera. Chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Ntchemberezandonda zakhala nafe kuyambira cha mu 2017. Wachinyamata amene anauzidwa kuti ulimi ndi chuma chachangu, akagwa kamodzi sabwereranso, ndipo amauza anzake onse. Amene anaphunzitsidwa kusaika zonse pa mbewu imodzi, kusunga kangachepe, kuphatikiza za mvula ndi za mthirira, ndipo ali ndi womuyendera atagwa, amayesanso. Tivomerezenso kuti si wachinyamata aliyense amene adzakhale mwini bizinesi. Ambiri akungofuna ntchito ya malipiro odalirika, monga tinaonera kuyambira kumapeto kwa 2023 pamene achinyamata anakhamukira kukalembetsa ntchito za m'mafamu a ku Israel, nkhondo ili m'kati. Sikuti amadana ndi munda, amadana ndi munda wosalipira. Wachinyamata mmodzi amene bizinesi yake yakhazikika n'kulemba anzake asanu waposa satifiketi zambirimbiri zogona m'masutikesi.

Zina sizili m'manja mwa mphunzitsi. Boma likatseka mwadzidzidzi kugulitsa chimanga kapena soya kunja alimi atakolola kale, masamu onse a m'kope amasokonekera. Msewu wa kumunda ukaduka, magetsi akamazimazima pachigayo ndi pamalo oziziritsira mkaka, mbewu yachinyengo ikamagulitsidwa poyera, palibe maphunziro amene angakonze zimenezo. Amene akuuza achinyamata kuti ulimi ndi bizinesi ali ndi udindo wosunga malamulo a msika osasinthasintha.

Kwa inu amene muli ndi ndalama zophunzitsira achinyamata, kaya ndinu a boma, a mpingo kapena a bungwe, pempho langa ndi ili. Ndalama ya holo, chakudya ndi alawansi ya masiku atatu muigwiritse ntchito kulipira mlimi wodziwa ndi mlangizi woyendera ophunzira kuyambira pofesa mpaka pogulitsa, ngakhale zitatanthauza kuphunzitsa anthu ochepa. Sankhani amene ayamba kale kanthu, kambiranani za malo ndi wogula maphunziro asanayambe, ndipo polemba lipoti musatiuze kuti munaphunzitsa angati. Bwererani pakatha zaka ziwiri, mukawerenge amene akugulitsabe.